Mapiritsi a M'thumba la Nandolo

Mwadzuka bwanji nonse? Aaa, kuyankha kwake kumeneko, ngati anthu ogona ndi njala? Mwadzuka bwanji? Eyaa, tsopano ndamva. Anesi andibwereka kanthawi asanayambe kutiyeza, ndiye musade nkhawa ndi mzere, palibe amene akudumpheni. Abambo a chipewa inu, khalani pansi, buku lanu lili kale patebulo, silithawa.

Amene simundidziwa, ndine Filesi, wa m'munsi mwa phirimu mukamalowera ku Muloza. Bipi ndili nayo ngati inu nomwe. Anandipeza nayo zaka zingapo zapitazo, ndipo mwezi ndi mwezi ndinkabwera pano, kuyezedwa, kulandira mapiritsi, kubwerera kwathu osatulutsa kalikonse. Amuna anga anatisiya kalekale. Chimene chimandidyetsa ndi kamunda ka tiyi kamene amayi anandisiyira, ndipo otchola tiyi mukudziwa kuti ntchito imeneyo imafuna manja awiri. Lero mtima wanga ukuvina, ndikuuzani chifukwa chake, koma ndiyambe ndi zamanyazi.

Tsiku lina ndikuchokera kumaliro ku Nkando, m'minibasi munali bambo wina wa jekete, wa mawu ambiri. Akuti, "Inu simunamve? Aja amathandiza boma kugula mankhwala akuchotsa dzanja. Zaulere zatha. Posachedwapa kuchipatala muzilowa ndalama ili m'manja." Kondakitala akuti, "Ndiye ife tizingofa basi." Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndikufika kunyumba, wailesi ya aneba nayo ikunena kuti thumba la zaumoyo lachepa. Mwezi wotsatira ndabwera pano, anatipatsa mtundu umodzi wokha wa mapiritsi, winawo akuti sunafike, amene angathe akagule kufamase. Mumtima ndinati basi, zayambika.

Tsono ine ndinakulira m'njala. Amayi anandiphunzitsa kuti ufa ukayamba kuonetsa pansi pa dengu sudikira kuti uthe. Umachepetsa dzanja, kudya kamodzi patsiku, mbewu nkuipatula, kuibisa kumene ana sangaione. Nzeru imeneyo inatipulumutsa zaka zambiri, sindingainyoze. Kulakwa kwanga ndi kwakuti ndinatenga nzeru ya ufa nkukaiika pa mankhwala.

Ndinagula lumo latsopano. Piritsi pakati, phwa! Theka lero, theka mawa. Nditaona kuti sindikufa, ndinayamba kudumphitsa masiku, Lolemba kumwa, Lachiwiri kupuma. Otsalawo ndinkaponya m'kachitini ka mafuta odzola, kachitiniko nkukakankhira pakati pa thumba la nandolo. Ndiye kuchenjera kwanga kwenikweni kunali apa, tcherani khutu: kukatsala masiku atatu kuti ndibwere kuno, ndinkamwa athunthu, bwinobwino, kuti makina aja akandimanga pamkono asandiulule. Anesi nkumandiyamikira pagulu, "Taonani a Filesi, salumpha tsiku lawo." Ine mano onse panja.

Ndipo nzeruyo sindinaisunge ndekha, pakamwa panga mumapadziwa. Pali anthu pano amene ndinawanong'oneza pabenchi lomweli kuti azidula. Sinditchula mayina ayi. Mwayang'ana pansi nokha.

Miyezi inadutsa. Mutu unkawawa kunkhongo kuno, ndikuti ndi dzuwa. M'makutu kulira, ndikuti ndi ukalamba. Mvula itagwa, tiyi ataphukira bwino, m'mawa wina ndili m'munda dengu kumsana. Dzanja lamanja lafika pa tsamba, zala osatseka. Ndikuliuza kuti gwira, ilo zii. Ndinafuna kuitana mng'ono wanga Esinati, amene munda wake unagundana ndi wanga, koma chimene chinatuluka m'kamwa silinali dzina. Mwendo unapinda, ndinagwa pakati pa mizere, dengu pamwamba panga. Sitiroko imeneyo, abale.

Esinati ndi amene anandibereka kumsana mpaka kumsewu. Kabaza anandifikitsa pano, ambulansi nkunditengera kuchipatala chachikulu cha boma. Masabata awiri pabedi, madiripi, jakisoni, kunditembenuza, kundisambitsa, ndipo palibe amene anatifunsa ndalama. Adokotala anatsegula buku langa, kuona masiku onse ali m'malo mwake, nkudabwa. "Mayi, mankhwala mumamwa tsiku lililonse?" Pakamwa panali patapotoka, mawu osatuluka, koma bodza linapezabe potulukira. Ndinagwedeza mutu kuti eya.

Atanditulutsa, mwana wanga Lute anabwera kuchokera kubanja kwake ku Phalombe kudzandidwazika. Odzazonda anali ambiri, ndipo aliyense ankanena zofanana. "Munthu womwa mankhwala chonchi sangagwe chonchi. Apa pali dzanja la munthu." Dzanja la ndani tsono? Nthawi imeneyo Esinati ankanditcholera tiyi wanga, poti tiyi ukamusiya amakhwima nkuwonongeka. Ankatchola wake m'mawa, wanga masana, kukapereka kusikelo yoyezera tiyi m'dzina langa. Anthu akuti, "Mwaona? Mundawo waulowa kale mwini wake asanafe."

Tsiku lina Lute anagwada pafupi ndi mphasa yanga. "Amayi, mundiuze zoona. Kodi ndi amayi aang'ono?"

Apo nkuti lilime litayamba kumasuka pang'ono. Ndikanatha kunena kuti ayi, mwanawe, pisa dzanja m'thumba ilo. Koma ndinaganiza za kuseka kwa anthu, kuti Filesi wodziwa zonse uja wadzipha yekha ziwalo. Ndinayankha kuti, "Kaya."

Abale anga, machimo ndachita ambiri, koma limeneli ndi lalikulu. Ndinasankha kuti mng'ono wanga wa bere limodzi akhale mfiti kusiyana ndi kuti ine ndikhale chitsiru.

Zinathamanga zinthu kuyambira pamenepo. Lute anandikweza pakabaza kupita kwa sing'anga wina kuseri kwa Muloza, kutsidya kwa malire, mbali ya Milanje. Mbuzi zanga ziwiri zinatsala komweko, ine ndinabwerako ndi mphini mkono wonse, dzanja lili lendee ngati kale. Sing'angayo anati ndi m'bale wapafupi, nanga akanati chiyani poti Lute anali atamufotokozera kale zonse? Esinati akafika pamjigo, azimayi kusuntha zidebe zawo. Kusikelo anthu osamuyankha moni. Akabwera ndi phala, Lute kumuthamangitsa ndi tsache, ine ndili gone m'nyumba, ndikumva zonse. Ndipo mukudziwa kuti misala yanga sinathe? Lute akandipatsa piritsi, masiku ena ndinkalibisa pansi pa mphasa. Iye akapita kotunga madzi, ine kukwawa ndi mbali imodzi, kukokera mwendo wakufawo mpaka pathumba, kukaponya m'chitini. Mayi wamkulu, wa zidzukulu, kukwawa m'fumbi kukabisa chinthu chimene chikanamudzutsa!

Tsono mvetserani mmene Mulungu anandigwirira. Lute anaitanidwa kwawo, mwana wake anadwala, nkundiuza kuti abwera pakapita masiku atatu. Anandisiya m'manja mwa aneba, koma anebawo anali ndi zawo, ankangobweretsa phala m'mawa basi. Tsiku lachiwiri, dzuwa lili pamutu, njala yandigwira, ndinamva "Odi" pakhomo. Mawuwo ndinawadziwa.

Esinati analowa, nkhuni kumutu, kapoto m'manja. Anali atawonda, abale, mpaka khosi kutalika. Anatula nkhuni, osandiyang'ana.

"Achemwali, mfiti yabwera kudzakuphikirani. Mukafuna mudya, mukafuna musiya."

Anasuzumira m'miphika, mulibe kanthu. Anayang'ana uku ndi uku kufuna ndiwo, maso ake nkugwera pathumba la nandolo pakona. Ndinayesa kukuwa kuti usatsegule, koma lilime lolemera lija lisanamalize, iye anali atapisa kale mkono mpaka m'chigongono. Anaima. Anatulutsa kachitini, kukagwedeza pafupi ndi khutu. Mwina ankayesa ndi makobili. Anatsegula, nkukhuthulira palichero.

Mbuu! Athunthu, matheka, ena atasanduka ufa, ena atamatana ndi chinyontho.

Esinati anakhala pansi, miyendo tambalale, lichero pamiyendo. Nkhuku inalowa kufuna kujompha, anaikankha ndi phazi, maso ali palichero pomwepo.

"Achemwali, awa ndi chiyani?"

"Ndimasungira," ndinatero. "Akadzatha."

"Akadzatha? Inuyo ndiye mwatha apa! Taonani mmene mulili!" Kenako mawu ake anatsika. "Ndiye mumadziwa? Masiku onse aja Lute amandithamangitsa ndi tsache pakhomo panu pano, inu muli gone apo, mumadziwa chimene chinakugwetsani?"

"Ndimadziwa."

Analira. Osati kukuwa ayi, misozi yokha kumangotsika, kugwera pamapiritsi paja. Ine ndinkalakalaka akanatenga chikuni nkundimenya nacho, zikanapepuka. Sanatero. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anakoleza moto, anaphika nandolo yemweyo, anandikhazika tsonga, nkumandidyetsa ndi sipuni, kumandipukuta mbali yopotokayo. Nditakhuta ndi pamene anayankhula.

"Mawa tikupita kuchipatala. Chitinichi munyamula nokha, ndi dzanja lamoyolo."

Tinabweradi, ndipo tinapeza anesi omwewa aima apawa, afunseni ngati ndikunama. Ndinaika chitini patebulo, mutu pansi. Anatsegula, anayang'ana m'kati, anandiyang'ana ine. Akuti, "A Filesi, chitini chanu ndiye chili ndi thanzi. Bipi yake ili bwinobwino." Sekani, sekani, nanenso lero ndikuseka, koma tsikulo ndinafuna nthaka itseguke. Mapiritsi onse aja anali atawonongeka, anakatayidwa. Anesi anangoti, "Amenewa akanamwa munthu wina." Mawu amenewo anandilasa kuposa jakisoni.

Ndiye ndinawafunsa, poti mantha anali adakalipo. "Kodi ndi bodza kuti mankhwala adzatha?"

Anandiyankha mosazungulira. "Sindikunamizani, nkhani yochepetsa thandizo ilipo, ndipo miyezi ina timalandira ochepa, munaona nokha. Koma mukamadula mobisa, ife timayesa zonse zili bwino, mpaka tsiku limene mwabwera pamsana pa munthu. Akachepa, tiuzane, tione chochita limodzi. Ndipo mantha anuwo musamauze chitini. Kauzeni amene amagawa ndalama za boma."

Ife a kuno timaphika kalongonda, nyemba zija zoledzeretsa zikapanda kupsa, timamudziwa. Ukamuphika mwatheka kuti usunge nkhuni, sunapulumutse kanthu, wangoitana chizungulire m'nyumba. Mankhwala a bipi ndi chimodzimodzi. Ine ndinali Nzeruzayekha uja anaviika nsima m'madzi.

Choyamba chimene ndinachita sichinali cha dzanja ayi, chinali cha pakamwa. Tsiku la sikelo ndinauza Lute, amene anali atabwerako, kuti andikweze panjinga. Anthu ali pamzere ndi madengu awo, ndinatsamira mtengo nkunena kuti, "Esinati si mfiti. Ndinadzilodza ndekha ndi lumo." Ndi kamwa lopotoka lija ambiri sanamve, ndiye ndinabwereza katatu, mpaka kalaliki anasiya kulemba. Ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Lute anapita kwa amayi ake aang'ono ndi nkhuku, anakagwada pakhomo. Esinati sanatikhululukire tsiku lomwelo, musaganize choncho, panapita masabata akundipatsa moni wouma. Koma chibale ndi fupa, sichiola.

Kenako ntchito inayamba. Piritsi m'mawa uliwonse, lathunthu, Esinati ataima pamenepo mpaka nditameza, nkundiuza kuti yasamulani ndione. Ine, mkulu wake! Kuchipatala chachikulu anandiphunzitsa mafizo, nawonso aulere: kufinya kampira ka sanza, kutola nyemba imodziimodzi kuchotsa m'mbale iyi kuika m'mbale iyo, kuyenda kuchoka pakhonde kukafika pamtengo wa mapeyala. Zinkandikwiyitsa, abale. Nyemba kuthawa, ine kutukwana. Tsiku lina ndinaponya mbale yonse kubwalo, nkhuku zinachita phwando. Koma m'mawa wina chala chachikuluchi chinasuntha chokha, pang'ono chabe, ndipo ndinakuwa mpaka aneba anathamanga kuyesa kwagwa maliro.

Tsopano nayi nkhani imene yandidzutsa m'mamawa lero. Lachiwiri lapitali ndinalowa m'munda mwanga dengu kumsana, ndipo ndinatchola tiyi ndi manja awiri! Awiri, abale! Dengu silinadzadze, linangofika pakati, mwendo ndikukokabe monga mwaonera, koma masamba amenewo ndinatchola ine, ndi dzanja limene anthu analiika kale m'manda. Kusikelo amayi analuluta, kalaliki mpaka anandipatsa moni wa padzanja. Lulutani nanunso, mukuopa chiyani? Eyaa! Ambuye alemekezeke!

Khalani chete tsopano, ndisanathe mpweya. Anzathu a m'maofesi ali ndi makhadi a inshuwalansi, akadwala amangoonetsa, kampani nkulipira. Ife otchola tiyi, a kabaza, onyamula katundu kuphiri ku Likhubula, ogulitsa tomato pa Nkando, inshuwalansi yathu ndi kabuku kothimbirira kali patebuloko ndi khomo ili. Kulibe ina. Ine ndikanauzidwa kuti bedi lija, ambulansi ija, mafizo aja ndilipire, bwenzi munda utagulitsidwa, ndipo bwenzi pano mukuimba nyimbo pamanda panga. Komanso musamati ndi zaulere ngati tikupempha. Ukagula sopo, shuga, mafuta, msonkho umadulidwa pomwepo. Chipatalachi ndi chathu, tinachisonkhera.

Ndiye inu amene muli ndi chitini kunyumba, kaya mwabisa m'nandolo, kaya kudenga, kaya m'sutikesi ya zovala za kutchalitchi, musadikire kugwa ngati ine. Lero lomwe mukalowa umo, auzeni anesi kuti ndakhala ndikudula. Sakumenyani, ine sanandimenye. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tsiku lanu likakwana bwerani, ngakhale mwamva kuti mankhwala kulibe, akuyezeni, akuuzeni chochita, alembe m'buku kuti munabwera nkubwerera opanda. Zija amagulitsa pamsika atayala padzuwa pafupi ndi usipa, zisiyeni. Ndipo pezani munthu mmodzi wa pakhomo panu woti adziwe za mankhwala anu, wamwano pang'ono ngati wangayu, wosakuopani.

Inu amene ndinakuphunzitsani kudula, ndikhululukireni. Ndinakusocheretsani ndine, ndipo ndabwera kudzakubwezani ndine.

Mantha aja sanathe, ndisakunamizeni. Nkhani yochepetsa ndalama za zipatala ikumvekabe, ndipo ikandifika m'khutu mtima umagundabe. Koma tsopano ndikudziwa kokawatula. A komiti ya chipatala chino alemba kalata yopita kwa akhansala ndi aphungu athu. Ikunena zimene tonse tikudziwa: kuti mankhwala a bipi, a shuga, a khunyu, a mphumu asadulidwe, kuti wosauka asabwezedwe pakhomo la chipatala chifukwa m'thumba mulibe kanthu. Akakhala pansi kugawa ndalama, apeze mayina athu ali patebulo pawo, adziwe kuti amene akufuna kumudulayo ndi munthu, ali ndi dzina, amatchola tiyi. Mutu umodzi susenza denga, ndiye aliyense akatuluka moyezedwa adutse apa. Wodziwa kulemba alembe, wosadziwa adinde chala.

Ine a komiti anandiuza kuti, a Filesi, inu mungodinda ndi chala chakumanzere, musavutike. Ndakana! Sukulu ndinalekeza panjira, koma dzina langa ndimalemba, ndipo chigwereni m'munda muja sindinalilembepo. Mundipirire, zitenga kanthawi, ndipo zilembo zake zikhala zokhotakhota.

Esinati, tabwera kuno, usabisale kumbuyo kwa anthu, akuone. Ndi ameneyu, abale, mng'ono wanga. Gwira pepalali lisasunthe. Ayi, dzanja langa lisiye. Cholembera ndigwira ndekha.